Za Mtobvu wa pa Mbedza

Inu aphunzitsi ndi akatekisti akugwira ntchito m'chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mua ndi ku Mtakataka, mudziwa kuti ana ambiri amene muwaphunzitsa ali ana a asodzi, ndi kuti m'thumba la mnyamata simusowa kachingwe, kambedza, ndi kanthu kotuwa kolemera kamene akamangirira pamwamba pa mbedzayo. Kanthu kameneka ndi mtobvu. Tiyamba ndi mau ache, monga mwa chizolowezi cha tsamba lino, ndipo pambuyo pache tinena za mapangidwe ache. Koma chimene chatikakamiza kulemba ndicho chakuti mtobvu uli ndi ululu wosamveka m'kamwa, ndipo ululuwo uyamba kugwira ana ang'ono.

Kusodza ndiko kugwira nsomba mwa njira iri yonse, kaya ndi khoka, kaya ndi chilimira, matchera kapena mono; wochita ntchitoyi ndiye msodzi. Kuwedza ndiko kwa mbedza kokha. Ndipo dzina loti mbedza lituluka m'mneni womwewo, kuwedza: poika m patsogolo, w asanduka b. Aphunzitsi aonetse ana kuti chinenero chathu chichita chotero kawirikawiri, pakuti kulima kubala ndime, kupatsa kubala mphatso, kuimba kubala nyimbo. Maina otere sasintha pochuluka: mbedza imodzi, mbedza zitatu. Nyambo, ndicho chakudya chimene tikoleka pa mbedza, ilowa m'gulu lomwelo. Aonetsenso aneni oyenda awiriawiri, wina wa chinthu chochitika chokha, wina wa munthu wochichititsa: mtobvu umira, msodzi amiza mbedza, mtobvu usungunuka, msodzi ausungunula. Pali aneni atatu amene ana awasokoneza polemba. Kusula ndiko kumenya chitsulo chofiira ndi nyundo; kuyenga ndiko kutulutsa chitsulo m'mwala, monga makolo ankachitira m'ng'anjo; kusungunula ndiko kusandutsa cholimba chikhale ngati madzi. Msodzi wa pa dooko sasula ndipo sayenga, angosungunula.

Chitsulo chimenechi chiri ndi maina awiri, mtobvu ndi chumbu. Lachiwirili lachokera ku Chipwitikizi, m'mene achitcha chumbo. Akatekisti adzalipeza dzina loyambalo m'Malembo Oyera, pa Eksodo 15:10, pamene nyimbo ya Mose ifanizira kumira kwa ankhondo a Farao ndi kumira kwa mtobvu. Ndipo mbedza adzaipeza pa Mateyo 17:27, pamene Ambuye atuma Petulo ku nyanja kukatenga ndalama ya msonkho m'kamwa mwa nsomba.

Pamene ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikika ku Mua m'chaka cha 1902, ndi ku Mtakataka m'chaka cha 1908, asodzi a nyanja yathu ankaluka ukonde ndi chingwe chopota okha cha bwazi ndi cha chopwa, namangirira timitengo topepuka m'mwamba ndi miyala m'munsi. Pambuyo pache anayamba kusolola ulusi wa m'matayala akutha a galimoto, kenaka unafika ulusi wa nayiloni. Mwala unakhalabe, ndipo ukhalabe pa maukonde ambiri; koma pa chingwe cha mbedza mtobvu unaulanda malo, ndipo chifukwa chache nchosabisika. Mtobvu ulemera kuposa madzi ka 11, chitsulo wamba pafupifupi ka 8, mwala osafika ka 3. Tsono popeza madzi apepuza chiri chonse cholowamo, kuti mwala ukoke chingwe monga mtobvu uyenera kuuposa kukula pafupifupi ka 6. Mwala waukulu chotero ukankhidwa ndi madzi, makamaka m'miyezi ya mwera, ndipo chingwe sichiima chiriri. Kamtobvu konga nsonga ya chala katsika msanga, ndipo msodzi amva ndi chala chache pamene nsomba yakhudza nyambo. Tisawanyoze asodzi ngati anthu osadziwa. Anasankha mtobvu mwa nzeru ya ntchito yao.

Chachiwiri chimene aukondera ndicho kufewa kwache. Chitsulo sichisungunuka moto usanapitirire madigiri 1,500, koma mtobvu usungunuka pa madigiri 327 okha, ndiwo moto umene mbaula ya makala iufikira mosabvuta. Munthu atenga chitini kapena chiwaya, naikamo zidutswa za mtobvu, nachiteleka. Posachedwa zidutswa zigwa, zisanduka madzi onyezimira, ndipo pamwamba payandama litsiro lotuwa limene alikokolola ndi kamtengo ndi kulitaya pansi. Likumbukireni litsiro limeneli, pakuti tibwererakonso. Chikombole achipanga ndi thabwa louma, dongo louma, kapena dzenje lobowola mu mchenga, naimika msomali pakati kuti pakhale chibowo cholowetsa chingwe. Athira, adikira pang'ono, nagwedeza chikombole, mtobvu nugwa.

Iripo mbedza ina imene Angerezi aitcha jig, ndipo ife tingaitche mbedza ya mutu wa mtobvu. Chikombole chache chiri cha mbali ziwiri zophatikizana. Agoneka khosi la mbedza m'kati mwa dzenje, diso lache lokolekamo chingwe liri kunja, natseka, nathira mtobvu pa kabowo ka pamwamba. Ukazizira, mbedza ndi mtobvu zakhala chinthu chimodzi. Apala m'mbali mwa mutuwo, namangirira kumbuyo nthenga zoyera za nkhuku kapena kachidutswa konyezimira. Mbedza yotere siifuna nyambo, pakuti iyo yomwe ndiyo nyambo yonyenga: msodzi aitsitsa, naikweza modzidzimutsa, naitsitsanso, ndipo m'madzi ioneka ngati usipa wobvulala. Igwira nsomba zosaka ndi maso, monga mcheni, umene uthamangitsa usipa poyera. Kampango, amene asaka usiku pafupi ndi pansi, amgwira bwino ndi nyambo yeniyeni. Ndipo asodzi ambiri a kuno akhulupirira usipa wa pa mbedza kuposa nthenga.

Ngozi yoonekera ya ntchitoyi ndiyo madzi. Dontho limodzi likasanduka nthunzi likula pafupifupi ka 1,700, ndipo likatsekerezedwa pansi pa mtobvu wamoto liuponya kumaso. Chifukwa chache chikombole cha dongo laliwisi, mchenga wachinyezi wa pa dooko, ngakhale thukuta logwa pa mphumi, zingaphe diso la munthu. Ngozi iyi asodzi aidziwa, pakuti chipsera chiwaphunzitsa.

Imene saidziwa ndi inayo. Mtobvu wosabvuta kupeza m'midzi ndiwo wa m'mabatire akutha, a galimoto ndi a magetsi a dzuwa. Poswa batire mutuluka asidi wotentha khungu, ndipo pa timapepala ta mtobvu ta m'kati pali phala louma limene lifumbutuka ngati ufa. Ufa umenewu, pamodzi ndi litsiro lija lotayidwa pansi ndi utsi wa pa chiwaya, ndiwo ululu. Suola, suuluka, ndipo kuwiritsa madzi sikuuchotsa; ukhala m'dothi la pabwalo zaka zambiri. Mwana wokwawa aika dzanja m'dothi, naliika m'kamwa. Mai wapakati amene alakalaka dothi atola pomwepo. Ndipo thupi la mwana limwa mtobvu wochuluka kuposa la wamkulu, makamaka mwanayo akakhala wosadya mokwanira. Thupi liusunga m'mafupa zaka makumi, ndipo pa nthawi ya pakati uchoka m'mafupa a mai ndi kulowa mwa mwana wosabadwa. Bungwe la World Health Organization linena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'mwazi, ngakhale waung'ono, umene udziwika kuti suononga.

Taonani chimene chinachitika ku Thiaroye-sur-Mer, mudzi wa asodzi pafupi ndi Dakar m'dziko la Senegal. Kwa zaka zambiri amisiri a kumeneko ankaswa mabatire ndi kusungunula mtobvu wa pa maukonde, ndipo zotsala zinadzaza mchenga wa m'mudzi. Mtengo wa mtobvu utakwera, akazi anayamba kusefa mchengawo ndi kuusunga m'nyumba kuti agulitse, ana ali kumbuyo. Pakati pa Novembala 2007 ndi Malichi 2008 ana 18 anafa, ambiri atayamba kukomoka. Ndipo madokotala poyesa mwazi wa abale ao ndi amai ao anapeza mtobvu wochuluka koopsa. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene kale ankati Broken Hill, mwala wa mtobvu unapezeka m'chaka chomwe chija cha 1902, ndipo mgodi unatsekedwa m'chaka cha 1994. Koma pfumbi lache linapitirira kudwalitsa ana obadwa mgodi utatsekedwa kale. Msodzi mmodzi ndi chiwaya chache safanana ndi mgodi, inde. Koma bwalo limene ana ache asewerapo ndi laling'ono, ndipo asungunulira pa malo amodzimodzi chaka ndi chaka.

Apa ndipo nkhani ikhudza inu aphunzitsi. Mtobvu wochepa supha mwana, koma umchotsera nzeru pang'onopang'ono. Mwana wotere achedwa kulankhula, sakhazikika pa benchi, aiwala lero chimene anachidziwa dzulo, apsa mtima msanga. Mwazi uchepa, m'mimba mupweteka, adzimbidwa. Ukachuluka, asanza ndi kukomoka, ndipo anthu ati ndi malungo, ena ati ndi khunyu, ena nayamba kuloza zala kwa nkhalamba ya m'mudzi. Sitinena kuti mwana ali yense wochedwa kuwerenga wadya mtobvu. Malungo, njala ndi likodzo zichita zambiri m'chigwa chino. Koma musanatenge mkwapulo kwa mwana wotere, funsani ngati kwao aswa mabatire. Ndipo mwana akapita ku chipatala, kholo linene poyera kwa dokotala za ntchito ya pakhomo, pakuti ululu uwu udziwika pokhapokha poyesa mwazi. Alipo mankhwala otulutsa mtobvu m'thupi, koma sabweza nzeru zimene zatayika.

Ife tikadakonda kuti batire lisaswedwe konse m'mudzi, koma libwezedwe lathunthu kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akutha. Tidziwa kuti msodzi wosauka sadzamva msanga mau amenewa. Potero muwaphunzitse zimene angathe. Asungunulire kutali ndi nyumba, ndi chitsime, ndi dimba, mphepo ichokere kumbuyo kwache, popanda mwana kapena mai wapakati pafupi. Moto ungokwanira kusungunula, pakuti kuukoleza kopitirira kuchulukitsa utsi. Litsiro lilowe m'chitini chotseka. Asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima kapena fodya, ndipo zobvala za ntchitoyo zisalowe m'nyumba. Koposa zonse, chiwaya chimene chalawa mtobvu chisabwerere ku khitchini, ngakhale achikweche ndi mchenga. Ndiwo za matimati ndi thobwa, pokhala zowawasa, zisungunula zotsalamo. Anyamata a m'sukulu muwaletse chizolowezi chofinya mtobvu pa chingwe ndi mano, ndi chousunga m'kamwa pomanga mfundo.

Ndipo pa mbedza ya mnyamata wowedza m'mbali mwa bango, pamene madzi safika m'khosi, mtobvu sufunika konse. Nati yakale ya njinga, kachidutswa ka chitsulo, kapena kampira ka dongo kobowola ndi kuotcha pamodzi ndi miphika, zikwanira. Ku England analetsa kugulitsa timitobvu ting'onoting'ono ta asodzi m'chaka cha 1987, popeza mbalame zazikulu za m'mitsinje zinkatimeza ndi kufa. Nkhwazi yathu ikadya nsomba yothawa ndi mbedza m'mimba ingalandire ululu womwewo.

Tipempha aphunzitsi a m'midzi ya pa gombe atilembere maina amene asodzi a kwao atchula nao cholemetsa cha pa chingwe ndi cha pa ukonde, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, ndipo atiuze ngati dzinalo lisintha pamene chiri cha mwala ndi pamene chiri cha mtobvu. Afunse makamaka akuluakulu amene anaona ukonde wa bwazi.