Fupa la sakramu

Sakramu ndi fupa la ngodya zitatu limene lili kumunsi kwa msana, pakati pa mafupa awiri a m'chiuno. Limapangidwa ndi timafupa tisanu timene mwa mwana timakhala tolekana, koma timalumikizana n'kukhala fupa limodzi munthu akakula.

Kusiyana kwa fupali

Kumbuyo kwa sakramu, chakumunsi, kuli kampata kotchedwa sacral hiatus. Kampataka kalipo chifukwa mbali ziwiri za kafupa kachisanu sizikumana. Mwa anthu ambiri kamaoneka ngati chilembo cha U kapena V chozondoka, ndipo mbali zake kuli timinyanga tiwiri timene dokotala amatipapasa ndi chala.

Koma anthu sabadwa ofanana. Ena kampata kawo ndi kopanikiza, ena kamatalika kukwera m'mwamba, pomwe ena ochepa alibiretu. Palinso ena amene fupa lomaliza la msana linamatirira ku sakramu, kapena kafupa koyamba ka sakramu kanatsala pakokha. Ambiri mwa anthu oterewa samva vuto lililonse.

Kufunika kwake pa opaleshoni

Madokotala amalowetsa singano pa kampataka pothira mankhwala ochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika. Njirayi, yotchedwa caudal epidural, anaifotokoza koyamba mu 1901 madokotala awiri a ku Paris, Jean-Athanase Sicard ndi Fernand Cathelin. Masiku ano imathandiza kwambiri kuchepetsa ululu mwa ana pa opaleshoni ya pansi pa mchombo.

Kampata kakakhala kotseka, singano silowa ndipo dzanzi siligwira. Kakatalika, singano ikhoza kuboola thumba la madzi a mumsana, limene mwa akuluakulu limathera pa kafupa kachiwiri ka sakramu, pomwe mwa makanda limatsika kuposa pamenepo. Zikatero mankhwala angathe kukwera n'kumulepheretsa wodwala kupuma. N'chifukwa chake wobaya amayamba wakoka jakisoni kuti aone ngati mukubwera magazi kapena madzi. Kumene kuli makina a ultrasound, amayamba aunika fupalo.

Ku Malawi

M'zipatala za maboma, monga cha Mulanje pafupi ndi Chitakale, ntchito yogonetsa odwala amaigwira kwambiri ndi ma clinical officer ophunzira za ntchitoyi. Amayi obereka mwa opaleshoni amabayidwa pamwamba pa sakramu, pakati pa mafupa a msana. Apanso kusiyana kwa mafupa kungasokoneze kuwerenga malo obayapo. Ana ofunika opaleshoni yaikulu amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene chipatala cha ana cha Mercy James chinatsegulidwa mu 2017.