Matenda a akulu amamera pa geti la sukulu

Belu la bureki likangolira, pa geti la sukulu pamadzaza. Mnyamata wina ali pa chiwaya kudikira tchipisi, ndipo akuuza wogulitsa kuti asaumire mchere. Mtsikana wagula mandasi awiri ndi firizi wofiira. Mnzawo wakhala pansi pa mtengo wa mango akuyasamula, chifukwa usiku wathawu wachezera pa foni ya mkulu wake. Onsewa ndi ana amphamvu zawo, a zaka 13, 14 kapena 15, ndipo palibe amene akumva kupweteka paliponse. Koma matenda amene angadzawagoneke akadzafika zaka 40 kapena 50, ambiri amayamba kumera pa msinkhu womwewu.

Awa ndi matenda amgonagona, amene achipatala amawatcha matenda osapatsirana: kuthamanga kwa magazi komwe ambiri timangoti BP, shuga, matenda a mtima, sitiroko, khansa ndi matenda okhalitsa a m'mapapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti matendawa amapha anthu oposa 40 miliyoni chaka chilichonse. Pa maliro khumi aliwonse padziko, asanu ndi awiri amadza chifukwa cha iwo. Kale tinkati ndi matenda a anthu olemera, koma kafukufuku wa STEPS amene adachitika m'Malawi mu 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa akulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Momwe matendawa amayambira

Matendawa sabwera ngati malungo, amene udzudzu umaluma lero, sabata yamawa munthu ali chigonere. Amabwera mwakachetechete. Mchere ukachuluka m'thupi umasunga madzi ambiri m'magazi, ndipo magaziwo amakankha makoma a mitsempha mwamphamvu. Zikapitirira kwa zaka, mitsempha imauma ndi kuchepa, mtima umatopa, impso zimawonongeka, ndipo tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umaphulika kapena kutsekeka. Ndi pamene timamva kuti bambo uje wagwa ndipo wafa mbali imodzi. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, omwe sadzaza n'komwe kasupuni ka tiyi.

Shuga nayenso ali ndi njira yake. Tikadya, kapamba amatulutsa insulin, yomwe imatsegulira shuga khomo kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu. Munthu akanenepa kwambiri, makamaka pamimba, komanso akamangokhala, thupi limasiya kumvera insulin ndipo shuga amangoyandama m'magazi, n'kumawononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Awa ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, omwe nthawi zambiri amapeweka. Ulipo mtundu woyamba umene umagwira ana chifukwa chakuti kapamba wasiya kupanga insulin. Umenewo sudza chifukwa cha kadyedwe, choncho mwana amene ali nawo asamanenedwe kuti adadya maswiti ambiri.

Fodya ndi mowa zimapeza malo msanga mwa wachinyamata chifukwa ubongo wake ukadali kukula mpaka zaka za m'ma 20. Osuta ambiri adayamba asanafike zaka 20. Ndipo pa nkhani ya masewero, kafukufuku wa WHO wa ana asukulu 1.6 miliyoni a zaka 11 mpaka 17, amene adatuluka mu 2019, adapeza kuti ana anayi mwa asanu aliwonse sakwanitsa ola limodzi patsiku lochita zinthu zotulutsa thukuta. Akulu adati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo sayansi ikuvomereza.

Zomwe adayesa ku Australia

Funso ndi lakuti ana amenewa tiwafikire bwanji. Akatswiri a ku Matilda Centre, pa University of Sydney, adaganiza zowapeza kumene maso awo ali kale, pa kompyuta ndi pa foni. Adakonza maphunziro otchedwa Health4Life, olimbana ndi zizolowezi zisanu ndi chimodzi: kusachita masewero, kudya mosayenera, kukhalitsa pa foni ndi pa TV, kusagona mokwanira, mowa ndi fodya.

Sadalembe buku la malamulo. Adajambula nkhani ya makatuni ya magawo asanu ndi limodzi, yonena za gulu la achinyamata amene akukumana ndi zomwe mwana aliyense amakumana nazo. Ophunzira ankaitsatira pa intaneti m'kalasi, n'kuyankha mafunso a mmene iwo eni amadyera, amagonera ndi kusewerera, ndipo kompyuta inkauza aliyense payekha pamene akuchita bwino ndi pamene akuperewera. Panalinso pulogalamu ya pa foni yoti mwana azilembamo zochita zake za tsiku ndi tsiku.

Kuyambira mu 2019, ophunzira 6,640 a m'chaka choyamba cha sekondale, m'masukulu 71 a m'madera a New South Wales, Queensland ndi Western Australia, adalowa m'kafukufukuyu. Masukulu adagawidwa mwamaere. Ena adalandira maphunziro atsopanowa, ena adapitiriza ndi maphunziro a zaumoyo a masiku onse, kuti pamapeto zioneke ngati panali kusiyana.

Zotsatira zidasindikizidwa mu 2023 m'magazini ya sayansi ya The Lancet Digital Health. Ana amene adaphunzira ndi makatuni adadziwadi zambiri za zizolowezi zisanu ndi chimodzizo kuposa anzawo. Koma patatha zaka ziwiri, kadyedwe kawo, kagonedwe, masewero, nthawi ya pa foni, mowa ndi fodya sizidasiyane ndi za ana a m'masukulu enawo. Pulogalamu ya pa foni ija, ambiri sadaitsegule n'komwe. Zoona, mliri wa Covid-19 udagwa pakati pa kafukufukuyu n'kutsekera ana m'nyumba, koma akatswiriwo sadabise chomwe adapeza: nzeru idalowa m'mutu, khalidwe silidasunthe.

Izi sizikutanthauza kuti maphunziro a pa kompyuta ndi achabe. Gulu lomweli lidakonzapo kale makatuni otchedwa Climate Schools, olunjika pa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo amenewo adathandiza kuchepetsa kumwa pakati pa ophunzira. Kulimbana ndi chinthu chimodzi n'kopepuka kusiyana ndi kusenzetsa mwana mitolo isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Ndiponso pali zinthu zomwe mwana sangazisinthe yekha. Angathe kukana ndudu imene mnzake wamupatsa, koma sasankha ndiwo za kunyumba, sathira mchere mumphika, ndipo salamula zomwe zigulitsidwe pa geti.

Phunziro la kwathu kuno

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa nafenso tayamba kuyika chikhulupiriro pa zipangizozi. Kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa akufika m'masukulu a pulaimale a boma, kumene ana a Sitandade 1 mpaka 4 akuphunzirira kuwerenga ndi masamu. Chipatala cha pa Foni, chomwe chidayambira ku Balaka mu 2011, chidaonetsa kuti munthu wa kumudzi amatha kuyimba foni n'kulandira uphungu wa zaumoyo m'chinenero chake. Ndipo phunziro la Life Skills lili kale m'makalasi mwathu. Tsiku lina maphunziro opewera BP ndi shuga adzafika pa tabuleti kapena pa foni za ana athu, ndipo ndi bwino afike, chifukwa ali ndi mphamvu zake. Uthenga umafika wofanana ku Chitipa ndi ku Nsanje. Chithunzi choyenda chimaonetsa mtsempha ukutsekeka, chinthu chomwe choko sichingajambule bwino pa bolodi. Ndipo mwana wamanyazi amatha kuyankha zoona za mowa kapena fodya popanda kuopa kusekedwa.

Koma tabuleti ikazimitsidwa, ntchito yeniyeni ndi pamene ikuyamba. Taganizani za mphunzitsi amene, ana atangotha kuonera phunziro la shuga, wayika pa tebulo botolo la chakumwa chotsekemera, kapu yopanda kanthu ndi paketi ya shuga. Waitana mwana mmodzi kuti awerenge zolembedwa pa botolo, kenako athire m'kapumo masupuni ofanana ndi shuga amene ali m'chakumwacho. Kalasi yonse ikuwerenga mokweza: imodzi, ziwiri, zitatu, mpaka zisanu ndi zitatu. Zakumwa zambiri zotere zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa mamililita 100 aliwonse, pomwe WHO imati shuga wothira asapyole masupuni a tiyi pafupifupi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kuchepera apo ndiye bwino koposa. Mwana amene waona mulu wa shugawo ndi maso ake sadzauiwala, ndipo madzulo akaufotokoza kunyumba.

Kenako sukulu iyenera kugwirizana ndi zomwe yaphunzitsa. Komiti ya makolo ikhoza kukhala pansi ndi amayi ogulitsa pa geti, osati kuwathamangitsa, koma kupangana kuti pambali pa mandasi pakhalenso nthochi, mtedza, chimanga chowotcha, mbatata ndi magwafa. Pakhale madzi abwino akumwa. Nthawi ya masewero isalandidwe ndi maphunziro ena mayeso akayandikira, ndipo atsikana apatsidwe bwalo mofanana ndi anyamata, chifukwa kafukufuku wa WHO uja adapeza kuti atsikana ndiwo amatsalira kwambiri. Mpira wa chikulunga, fulaye ndi mpira wamanja sizifuna magetsi kapena bandulo.

Kunyumba nako kuli gawo lake. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa si zakudya zochokera kutali: mgaiwa, nyemba, usipa, bonongwe, nkhwani wotendera, zipatso za m'nyengo yake. Mwana asaphunzire kuti chisoso ndi ndiwo za osauka ndipo soseji ndiye chitukuko. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, choncho foni igone pabalaza, osati pansi pa pilo. Ndipo katemera wa HPV, amene dziko lino lidayamba kupereka kwa atsikana mu 2019, amateteza ku khansa ya khomo la chiberekero, yomwe yatenga amayi ambiri m'Malawi. Mtsikana wanu asaphonye.

A ku Australia adali ndi intaneti yothamanga, makompyuta okwanira ndi akatswiri odziwa ntchito, koma adapeza kuti kudziwa kokha sikusintha mwana. Ife tisadikire kuti tidzapeze zomwezo patatha zaka. Aphunzitsi, phunziro la pa tabuleti mulitsirize ndi manja. Makolo, pitani mukayezetse BP, ndipo mwana wanu akuoneni mukuchepetsa mchere m'mbale yanu. Mwana amatsata zomwe akuona akulu akuchita, ndipo zaka zake zoti awongoke ndi zino.