Dongo M'manja mwa Amayi

Munthu woyenda pa mseu waukulu wochokera ku Chipata kulowera ku Katete, akamapitirira Madzimoyo kumene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anamanga malo awo m'chaka cha 1903, sangaganize kuti m'midzi ya Achewa yotsamira mapiri a m'chigawochi muli amisiri oumba zifaniziro, amene luso lawo linalipo Angoni a Mpezeni asanafike, belu la tchalitchi lisanalire m'dzikomo. Amisiriwo ndiwo anamkungwi, amayi aulemu wawo amene maina awo salembedwa m'mabuku, ngakhale kuti ndiwo akhala akuumba nkhani za umayi kuyambira makedzana.

Chinamwali chikafika pachimake, namkungwi pamodzi ndi aphungu amakatapa dongo kudambo, nalikanda ndi madzi kufikira litafewa, ndipo pamalo obisika, kutali ndi maso a amuna, amaumba pansi zinthu zotchedwa vilengo: nsato yodzipinda, ng'ona, fulu, ndiponso zamoyo zina zimene palibe mlenje anakomana nazo m'tchire, pakuti kwawo ndi m'maganizo a amayiwo. Akatha kuumba amazidontheza mawanga ndi nsonga ya chala, oyera a ufa, ofiira a katondo ndi akuda a makala osinja, mwakuti dongo limene linali lakufa m'mawa limaoneka lamoyo dzuwa likamapendeka. Palinso chingondo, chifaniziro cha dongo chimene amachiumbira pamutu pa namwali, ndipo iye amavina atachisenza, khosi lili chilili. Tanthauzo la chilichonse mwa izi ndi la m'tsimba, ndipo sikuyenera kuti liululidwe m'magazini; chimene tinganene poyera ndi chakuti mwambo ukatha vilengozo zimaphwanyidwa, pakuti ntchito yake yatha, malangizo alowa kale mumtima mwa mwanayo.

Kenji Yoshida, katswiri wa ku Japan amene anakhala pakati pa Achewa a kuno kum'mawa m'zaka za m'ma 1980, anaona kuti monga amuna ali ndi zilombo zawo zimene amamanga kudambwe, nawonso akazi ali ndi zilombo zawo za dongo. Miyala nayo ichitira umboni, chifukwa m'mapanga a Thandwe, Kalemba ndi Makwe, amene David Phillipson anawafufuza nalemba za iwo m'chaka cha 1976, muli zojambula zakale, ndipo ku Chongoni m'dziko la Malawi, kumene kuli malo 127 otere amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wake mu 2006, ofufuza amati zambiri mwa zojambula zoyera za kumeneko zinachokera m'manja mwa akazi polangiza anamwali.

Pamene Uthenga Wabwino unafika, mpingo unakana chinamwali nuika chilangizo m'malo mwake, ndipo alangizi achikhristu agwira ntchito yotamandika kufikira lero. Komatu mawu okha ndiwo analowa m'tchalitchi, dongo linatsala kubwalo. Ine ndimaona kuti apa tinataya kanthu ndithu, pakuti Iye amene anaumba munthu woyamba ndi dothi sangaipidwe ndi manja oumba pofuna kuphunzitsa mwana, ndipo chimene mtsikana wachiona ndi maso, nachivinira, sachiiwala msanga monga aiwalira mawu.

Mmodzi mwa amene atola dongo lotayidwalo masiku ano ndi mayi Agnes Buya Yombwe, amene anabadwa mu 1966, naphunzira luso la zojambula pa Evelyn Hone College ku Lusaka, naphunzitsa ana asukulu muno m'Zambia ndi ku Botswana, asanatsegule pamodzi ndi amuna awo, bambo Lawrence Yombwe, nyumba ya zaluso ya Wayi Wayi ku Livingstone. Chitsime chimene mayiwa amatungako kawirikawiri ndi mbusa, tizifaniziro ta dongo timene banachimbusa a Chibemba amalangizira nato anamwali, tomwe Audrey Richards anationa mu 1931 nadzatifotokoza m'buku lake lotchedwa Chisungu mu 1956. Mbusa ndi vilengo ndi pachibale, ngakhale ziyankhulo zisiyana. Mayi Yombwe amajambula, amaumba, amasoka, naphatikiza zinthu zosiyanasiyana m'ntchito imodzi, ndipo zimene amapanga siziphwanyidwa mwambo ukatha, koma zimaimikidwa poyera kuti amuna nawonso azione.

Apa ndipo pagona kulimba mtima kwawo, chifukwa sangotamanda mwambo chabe, koma amaufunsanso mafunso. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma pali moto wina umene wakhala ukunyeka m'mabanja chifukwa mkazi analangizidwa kupirira ndi kusunga chinsinsi ngakhale pamene akuzunzidwa. Ntchito zawo zambiri zimakamba za nkhanza zochitikira akazi ndi za zinthu zimene anthu amati n'zosatchulika, ndipo imodzi mwa izo anaitcha Kudumbisiana, momwe anatsindika kuti mkazi si katundu. Alipo amene amadandaula kuti zam'tsimba zikutulukira pabwalo, ndipo dandaulo lawolo ndi loyenera kulimvera mofatsa. Koma mayiwa saulula nyimbo kapena miyambi yobisika, amangobwereka kaumbidwe ka amayi akale kuti anene nako zimene zikusautsa ana aakazi a lero.