MUSANAGULE WAILESI YA KANEMA, FUNSANI ZA KADYEDWE KACE

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, ndipo fodya, mtedza, soya kapena thonje zikagulitsidwa, m'midzi mumapezeka kandalama. Nthawi imeneyi ndiyo mabanja ambiri amaganiza zogula wailesi ya kanema, imene ena amangoti TV. Ana aifuna cifukwa atopa ndi kusuzumira pa mazenera a eni. Abambo afuna kuonera mpira ali pakhomo pao. Amai afuna nyimbo za kwaya ndi maphunziro a ulimi. Palibe colakwa pamenepo. Koma inu alimi mudziwa kuti munthu wogula ng'ombe sayang'ana nyanga zokha ai. Amayamba wafunsa ngati ali nao msipu woidyetsa. Wailesi ya kanema nayonso imadya. Cakudya cace ndico magetsi, ndipo idzakhala ikudya usiku uli wonse, inu mutaiwala kale mtengo umene munaigulira.

Mitundu Yace

Pamene Television Malawi inayamba kuonetsa zithunzi m'caka ca 1999, mawailesi a kanema amene anali m'masitoro anali aja olemera, otupa kumbuyo. Lero aculuka ndi opyapyala ngati thabwa, oti munthu angathe kupacika pa khoma. Ambiri a ife timangowachula onse kuti "pulazima," koma tamverani, sali amodzi.

Pulazima yeni-yeni ndi ya kale ndithu. Pofika kumapeto kwa caka ca 2014, makampani akulu monga Panasonic, Samsung ndi LG anali ataleka kuipanga. Cotero mukaipeza pa msika, dziwani kuti inagwirapo kale nchito kwa munthu wina. Imaonetsa zithunzi zokongola, koma imatentha, ndipo pa kudya magetsi ndi mususu. Yaikulu ya mainchi 42 ingathe kudya mawati 200 kapena kuposa.

Mtundu umene uli ponse-ponse tsopano ndi wolembedwa LED. Umenewu uli ndi tinyale tating'ono kumbuyo kwa galasi, tosafuna magetsi ambiri. Ya mainchi 32 kawiri-kawiri imadya mawati a pakati pa 30 ndi 50 basi. Ija yotupa kumbuyo, ngakhale galasi lace ndi laling'ono, imadya kuposa pamenepa.

Wati ndi Yunitsi

Mau awa asakuopseni. Wati ndi muyeso wa mmene cinthu cidyera magetsi, monga mmene kilogalamu iri muyeso wa cimanga. Kumbuyo kwa wailesi ya kanema iri yonse kuli kapepala, ndipo pamenepo mudzaona nambala yotsatidwa ndi cilembo ca W. Nambala imeneyo ndiyo mawati. Kawiri-kawiri imanena kudya kwace kopambana, pamene yawala kotheratu. Poonera mwa nthawi zonse imadya pang'ono kucepera apo.

Yunitsi imodzi imene mumagula kwa ESCOM ndiyo mawati 1,000 ogwira nchito ora limodzi. Tsono tiyeni tiwerenge pamodzi. Banja likamaonera maora 4 madzulo ali onse, pa mwezi wa masiku 30 akwana maora 120. Wailesi ya mawati 40 idzadya mayunitsi osakwana 5. Ya mawati 90 idzadya pafupi-fupi 11. Pulazima ya mawati 200 idzadya 24. Taonani, kusiyana kwa yoyamba ndi yotsiriza ndi mayunitsi 19 pa mwezi, ndiye kuti 230 pa caka. Funsani mtengo wa yunitsi kumene mumagula, muculukitse nokha, ndipo mudzaona kuti cinthu cochipa pa tsiku logula cingathe kukhala codula zaka zonse zotsatira. Akulu anati cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Kwa Inu a Magetsi a Dzuwa

Midzi yambiri sinafikiridwe ndi nthambo za ESCOM, ndipo mabanja amadalira sola ndi batire. Kwa inu nkhani iyi ndi yaikulu koposa, pakuti simungathamangire ku sitoro kukagula mayunitsi ena. Cimene dzuwa laika m'batire masana, ndico comweco mudzadya usiku. Batire iri ngati nkhokwe.

Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 a ora limodzi. Koma batire ya mtobvu ndi asidi siyenera kukhuthulidwa yonse. Mukamatapa koposa theka tsiku ndi tsiku, imafa msanga. Cotero canu ceni-ceni ndi 600. Wailesi ya mawati 40, pa maora 4, itenga 160. Dikoda ya mawati 10 itenga 40. Mababu atatu a mawati 5 atenga 60. Zonse pamodzi ndi 260, ndipo mwatsala nayo mphamvu yochajira mafoni ndi ya tsiku la mitambo. Nanga pulazima ija? Iyo yokha ifuna 800. Musanafike pakati pa filimu nyumba yada, ana alibe nyale yowerengera, ndipo miyezi ingapo ikapita mukugula batire yina.

Kumbukiraninso kuti sola ya mawati 100 imapatsa mphamvu ya pafupi-fupi 400 pa tsiku la dzuwa labwino. M'dzinja la mvula yamvumbi, kapena nthawi ya ciperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje, imapatsa yocepa kwambiri. Pukutani fumbi pa galasi lace, ndipo musalole mthunzi wa mtengo kugwerapo.

Alipo mawailesi a kanema opangidwira magetsi a dzuwa, olumikiza ku batire ya mavoti 12 popanda inveta. Ameneyo ndiwo abwino kwa inu, cifukwa inveta nayonso imadyako gawo lace posandutsa magetsi, monga mwini cigayo atenga zace pogaya. Ena a mainchi 19 kapena 24 sapitirira mawati 20. Pakati pa sola ndi batire pakhale kabokosi kolamulira kuchaja, kuti batire isadzaze mopitirira. Batire ya galimoto siinapangidwire nchito imeneyi, ndipo sikhalitsa.

Kukula kwa Galasi

Mainchi a wailesi ya kanema amayesedwa mopingasa, kucokera pa ngondya ya m'munsi kufika pa ngondya ya pamwamba ya mbali inayo. Pacifukwa ici ya mainchi 43 iri ndi galasi lokula pafupi-fupi kawiri kuposa ya mainchi 32, ndipo kuwalitsa galasi lonselo kufuna magetsi oculuka. M'cipinda cocezera ca nyumba zathu za m'midzi, mmene anthu amakhala mapazi ocepa kucokera ku khoma, ya mainchi 24 kapena 32 ikwana bwino lomwe. Musagule yaikulu pofuna kuposa mnansi wanu. Iye sadzakuthandizani kuidyetsa.

Pa makatoni ena, makamaka ocokera ku Ulaya, pamakhala pepala la mizere ya mitundu-mitundu, yobiriwira pamwamba ndi yofiira pansi. Kuyambira mwezi wa March 2021 zilembo zace ziyambira pa A kulekeza pa G, ndipo A ndiyo yosunga magetsi koposa. Musadabwe kuona zambiri zatsopano ziri pa E, F kapena G, pakuti muyeso umenewu ndi wokhwima. Yang'anani nambala imene yalembedwa pafupi ndi mau akuti kWh/1000h. Ikakhala 30, ndiye kuti mayunitsi 30 pa maora 1,000, kapena kuti mawati 30. Pa mawailesi awiri ofanana kukula, sankhani ya nambala yocepa. Ngati muli ndi mbale ku Joni amene afuna kukutumizirani, muuzeni zimenezi asanagule.

Mukafika ku Sitoro

Safunsa anadya phula. Pemphani wogulitsa kuti aitembenuze, muwerenge mawati ndi maso anu. Aiyatse inu mukuona, mumve mau ace, ndipo muyang'anitsitse ngati pa galasi palibe mizere kapena madontho akuda. Cenjerani ndi maina onamizira, amene amasiyana ndi dzina lodziwika pa cilembo cimodzi cokha. Funsani ngati ingakoke mawailesi a m'dziko muno payokha, kapena ifuna dikoda monga ya Kiliye Kiliye, pakuti dikodayo ndi ndalama zina ndiponso mawati ena. Musacoke opanda lisiti ndi pepala lolonjeza kukonza ikaonongeka. Ngati mukutenga sola ndi kanema zolipira pang'ono-pang'ono pa foni, onkhetsani malipiro a miyezi yonse, mudziwe mtengo wace weni-weni musanasaine.

Kusamala Pakhomo

M'sitoro amaiwalitsa kwambiri kuti ikope maso a odutsa. Mukafika nayo kwanu, cepetsani kuwalako. Usiku maso safuna kuwala kotero, ndipo magetsi apulumuka. Zambiri ziri ndi malo olembedwa Eco, ndipo mwana wa sukulu angakuthandizeni kuwapeza. Mukatha kuonera, zimitsani pa khoma peni-peni, pakuti kanyale kofiira kakamayaka ndiye kuti wailesi ndi dikoda zikudyabe pang'ono. Musaisiye ikulankhula yokha m'nyumba mopanda anthu. Musaipfunde nsaru iri ciyakire, cifukwa kutentha kumaiononga.

Magetsi ambiri a m'dziko muno amacokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula kumene makina anayamba kuzungulira m'caka ca 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mukumbukira kuti namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, magetsi anakhala akuzima-zima miyezi yambiri. Magetsi akazima, zulani pulagi, cifukwa pobwerera nthawi zina amadza ndi mphamvu yopsereza zipangizo. Citani cimodzi-modzi mukamva ziphaliwali, ndipo muzulenso nthambo ya ku mlongoti. Batire yakufa musaitaye ku dzala kapena pafupi ndi citsime; mtobvu ndi asidi ndi poizoni kwa ana ndi ziweto. Iperekeni kwa ogula mabatire akale.

Mau Otsiriza

Musanatenge ndalama kunka nazo ku tauni, khalani pansi bambo ndi mai, muwerenge pamodzi. Kodi cimanga ca m'nkhokwe cidzafika mwezi wa February? Kodi ndalama za feteleza, za mbeu ndi za sukulu zapatulidwa? Zimenezi zikakhala m'malo mwace, pitani mukagule, ndipo musankhe imene nyumba yanu ingathe kuidyetsa. Pa kapepala kanu lembani mafunso atatu awa: Ndi mtundu wanji? Ndi mainchi angati? Imadya mawati angati? Wogulitsa akalephera kuyankha lacitatu, lowani m'sitoro yina.