Khonde la matabwa apulasitiki ku Angonia: ndalama ziyambire pansi

Munthu amene akumanga nyumba masiku ano ku Ulongwe, ku Domwe kapena m'mbali mwa msewu wopita kuchipata cha Calómuè samva za mmisiri yekha. Ali ndi foni m'thumba, ndipo pa Facebook pamadutsa zithunzi za nyumba za ku Johannesburg ndi ku America zokhala ndi khonde lokwera kuseri kwake, loyalidwa matabwa osalala, lotchingidwa ndi zitsulo zogwirira m'mphepete. Otsatsa malonda amati matabwa amenewa sawola, chiswe sichiwalawa, ndipo safuna penti kapena vanishi. Zambiri mwa zimenezi n'zoona. Komabe amene wagulitsa mbatata ya kachewere kapena fodya n'kuika ndalama pambali ayenera kudziwa kuti ndi mbali iti ya khonde iyenera kudya zambiri. Ine ndikuti matabwa oyala pamwamba akhale omalizira, pambuyo pa nsanamira, mitanda, denga ndi chotchinga, ndipo pa mapuloti ambiri a kuno asaganiziridwe n'komwe.

Thabwa lotereli ndi utuchi wosakaniza ndi pulasitiki. Amasefa utuchi n'kuuumitsa, amauphatikiza ndi pulasitiki wosungunula wa mtundu wa polyethylene, yemwe uja amapangira majumbo ndi zigubu, kenako amakankhira phalalo pachikombole kuti lituluke lalitali ngati thabwa. Utuchi umakhala theka la kulemera kwake kapena kupitirirako pang'ono, ndipo poti pulasitiki waukuta, madzi salowa msanga. Kampani imene inatchukitsa matabwawa ndi Trex ya ku Virginia ku America, yomwe inaima payokha mu 1996 itachoka m'manja mwa kampani ya mafuta ya Mobil, ndipo imanena kuti 95 peresenti ya zopangira zake ndi zinthu zotayidwa. Ku South Africa kuli Eva-Last, imene imathira nsungwi zopera m'malo mwa utuchi wa mitengo. Matabwa oyambirira anavuta ndithu: ankachita nkhungu, ankasuluka, ena ankasupuka pamwamba, mpaka nkhani zinafika kukhoti ku America. Cha m'ma 2010 opanga anayamba kuwakutira ndi chikopa cholimba cha pulasitiki yekhayekha. Mbiri imeneyi ikutikhudza chifukwa otsika mtengo, omwe wogula wa kuno angathamangire, nthawi zambiri amakhala aja opanda chikopa ndiponso amphako mkati.

Chimene chithunzi cha pafoni sichionetsa n'chakuti thabwali silisenza katundu. Limawerama msanga kuposa thabwa la mtengo, n'chifukwa chake opanga amalamula kuti mitanda ya pansi pake italikirane masentimita 40 okha, kapena 30 ngati matabwa ayalidwa chopingasa. Silingakhale mtanda, silingakhale nsanamira. Choncho pansi pa khonde lililonse lotere pali mafupa a mtengo kapena a chitsulo, ndipo chiswe ndi chinyezi zimalimbana ndi amenewo. Angonia ndi dziko la mvula yambiri, yoyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, ndipo katondo wa kuno amasunga chinyezi nthawi yaitali. Mvula ikatha kumabwera chifunga ndi mame a mu Juni ndi Julayi. Paini wosathira mankhwala, wonga amene amachekedwa kutsidya ku Dedza, sapirira nyengo zambiri pamalo otere. Kupaka oyilo wakuda wa galimoto, monga amachitira akalipentala ena, kumangoteteza kunja. Chiswe chimalowera pomwe macheka adula ndi pomwe msomali waboola. Ku South Africa mitengo yothira mankhwala imadindidwa chizindikiro: H3 ndi ya panja koma yosakhudza dothi, H4 ndi yokwirira pansi. Amene sangaipeze achita bwino kumanga nsanamira za njerwa kapena konkire ndi kuika mitanda ya chitsulo chopaka penti yoletsa dzimbiri. Chitsimikizo cha zaka 25 chimene wogulitsa amapereka n'cha thabwa lokha, sichikhudza mtanda umene ungawole pasanathe zaka zisanu. Ndipo tizidutswa ta mitengo yothira mankhwala tisapite kukhitchini monga timachitira ndi zotsala zonse za pa ntchito yomanga: mankhwala odziwika kwambiri a CCA ali ndi poizoni wa arsenic, ndipo ku America anasiya kuwagwiritsa ntchito pa matabwa a panyumba kumapeto kwa 2003.

Palinso luso limene amisiri athu sanazolowere, osati chifukwa cha ulesi koma poti mtengo sufuna zimenezo. Pulasitiki amatalika kukatentha, amafupika kukazizira. Pa mapiri a kuno, opitirira mamita 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, thabwa lomwelo limawauka ndi dzuwa la Okutobala n'kudzagona pachisanu cha Juni. Kalipentala wabwino anaphunzira kugundanitsa matabwa mpaka pasaoneke mpata, koma akatero ndi matabwa awa amatukumuka n'kupindika. Pamafunika mpata wa mamilimita 5 kapena 6 pakati pa thabwa ndi linzake, mpata wina kumapeto, ndi tizitsulo tapadera togwira m'mbali m'malo mwa misomali. Pansi pazidutsa mphepo, ndipo dothi litsetserekere kutali ndi nyumba. Mabuku a kunja amaonetsa mtanda waukulu utamangiriridwa kukhoma la nyumba ndi mabawuti. Nyumba zambiri za kuno n'zanjerwa zootcha zomangira dothi, pulasitala yekha ndiye wa simenti. Khoma lotere silingagwire bawuti wosenza anthu khumi. Khonde lokwera liime pa miyendo yakeyake, mbali ya kukhoma yomwe.

Chachikulu koposa n'chakuti khonde la ku Angonia ndi malo a ntchito. Pamenepo ndi pomwe amatonolera chimanga, amasankhira nyemba, amakhuthulira matumba a mbatata n'kuwakoka atawasoka kukamwa, ndipo mvula ikamagwa mtondo umasamukira pomwepo. Miyezi yozizira mbaula imabwera pakhonde madzulo, ana atazungulira. Polyethylene amasungunuka kutentha kukafika madigiri pafupifupi 130, pomwe khala lamoto limatentha kuwirikiza kangapo. Khala limodzi likagwa, kapena wina akatereka poto wochoka pamoto, pamatsala chipsera cholowa mkati chimene sichipalika ndi puleni kapena sandipepa, chifukwa ukapala wachotsa chikopa chomwe chimateteza utuchi. Mankhwala ake n'kusintha thabwa lonse, ndipo lofanana nalo mtundu lili kutali masiku angapo a ulendo. Khonde la simenti lopaka polishi wofiira limalandira zonsezi osadandaula. Likang'aluka, ndowa imodzi ya matope a simenti yakwana. Ngakhale khonde lakale lozira ndi dothi linali ndi nzeru yake: linali lokwera pang'ono, pansi pa denga lotulukira kunja, kuti mvula isamenye tsinde la khoma. Khonde la pachithunzi chija nthawi zambiri lilibe denga, chifukwa eni ake amafuna kuothera dzuwa. Kuno, malata angapo owonjezera ndi ngalande yolandira madzi zimateteza nyumba kuposa thabwa lamtundu uliwonse.

Wina anganene kuti nanga mitengo? Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo siyenera kunyozedwa. Angonia ndi dera lodzaza anthu, ndipo chibwerereni anthu kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo itatha mu 1992, minda, zigafa za fodya, nkhuni ndi mauvuni a njerwa zadya mitengo yambiri. Mlombwa ndi mbawa zimatenga zaka makumi ambiri kuti zifike pochekeka, ndipo boma la Mozambique linafika poletsa kutumiza kunja zipika zosacheka kuyambira 2017. Ngati kusankha kuli pakati pa thabwa la mlombwa ndi la utuchi, la utuchi lapambana. Koma kwa anthu ambiri kusankha kuli pakati pa thabwa la utuchi ndi simenti, ndipo khonde la simenti litha kumangidwa ndi miyala kapena mabuloko osaotcha, osagwetsa mtengo n'umodzi womwe. Tiwerengenso ulendo: katundu wochokera ku Johannesburg amadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Cuchamano, amawoloka Zambezi pa Tete, n'kukwera makilomita ena oposa 200 kuti afike ku Ulongwe, akudya dizilo ndi misonkho njira yonse. Likadzatha ntchito, thabwalo silisanduka manyowa ndipo si nkhuni. Ena amalota kuti tizipanga tokha, poti utuchi waunjikana pa macheka a ku Dedza ndipo majumbo ali mbwee m'misika ngakhale Mozambique ndi Malawi onse anakhazikitsa malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015. Maloto abwino, koma amafuna makina, magetsi osazimazima ndi msika waukulu. Womanga nyumba chaka chino sangawadikire.

Malo amene thabwali limagwira ntchito yake alipo, ndipo ndi pa zitunda. Amene ali ndi puloti yotsetsereka, kaya m'munsi mwa phiri la Domwe kapena moyang'ana dambo, amadziwa kuti kuseri kwa nyumba pansi pamatha kutsika mita imodzi kapena iwiri. Kuti apange khonde la simenti pamenepo ayenera kumanga khoma lochirikiza n'kudzaza ngolo zambirimbiri za dothi, lomwe likapanda kutsendereka bwino limatitimira n'kung'ambula simenti. Apa khonde loima pa nsanamira limatha kutsika mtengo, ndipo kwa malo ogona alendo kapena odyera, komwe mbaula ndi mtondo sizifika, thabwa losabaya mapazi ndiponso losafuna vanishi chaka ndi chaka lili ndi phindu. Wogula asankhe lachikopa, lopanda mphako, la mtundu wowala chifukwa lakuda limaotcha mapazi masana, ndipo agule awiri kapena atatu osungira.

Koma khonde likakwera chotero, chotchinga cha m'mphepete chimaposa zonse, ndipo n'chimene chimasiyidwa kuti tidzaika ndalama zikapezeka. Malamulo omangira a ku South Africa amati paliponse pamene munthu angagwe kupitirira mita imodzi pakhale chotchinga chosachepera mita imodzi kutalika, chopanda mpata woti mpira wa mamilimita 100 n'kudutsa. A ku America amayambira pa masentimita 76, chotchinga chifike masentimita 91, mpata wake n'chimodzimodzi, pafupifupi masentimita 10. Muyeso umenewu unaikidwa poganizira ana aang'ono, amene thupi lawo limatha kupyola pampata mutu n'kukodwa. Zitsulo zikhale zoimirira, chifukwa zogona zimasanduka makwerero kwa mwana wa zaka zitatu. Pofooka penipeni ndi pa tsinde la mzati: lamulo la ku America limafuna kuti chotchinga chipirire kukankha kwa makilogalamu pafupifupi 90 pamwamba pake, ndipo mzati womangirira pa matabwa oyala okha sungakwanitse zimenezo. Uyenera kugwidwa ndi mabawuti opyola mumtanda, kapena kuwotchereredwa ku chitsulo cha pansi. Mizati yambiri yokongola ya pulasitiki imene imagulitsidwa pamodzi ndi matabwa ndi chivundikiro chabe, mkati mwake mumafunikabe mtengo kapena chitsulo. Apa ndiye kuitanitsa za kunja kulibe chifukwa n'komwe, poti owotcherera zitsulo a ku Ulongwe, omwe amapanga zitseko, mageti ndi zotchinga mawindo tsiku ndi tsiku, atha kupanga chotchinga cholimba ngati apatsidwa miyeso yolemba papepala. Auzidwe kutseka pamwamba pa paipi iliyonse kuti mvula isalowe, kuboola kabowo pansi kotulutsira chinyezi, ndi kupaka penti yofiira yoletsa dzimbiri asanapake ya mtundu. Ulongwe ili ndi khonsolo yakeyake kuyambira 2008, choncho khonde lokwera lionekere pa pulani yopemphera chilolezo chomangira. Mwini nyumba asanapereke ndalama yomaliza, atenge chitini chotambalala masentimita 10 n'kuchiyesa pa mpata uliwonse, wa pansi ndi wa pamasitepe womwe, kenako agwire mzati wa pakona ndi manja awiri n'kuukankha ndi thupi lonse. Ukagwedera, mmisiri abwerere pa mabawuti.