Abusa a Ng'ombe a ku Texas

Anthu ambiri amene anaonapo kanema wa makauboyi ayesa kuti kauboyi anali munthu wa ndeu, wokwera kavalo waliwiro mfuti ili m'cuuno, amene dzuwa silinali kulowa asanaombere mnzace. M'zaka za m'ma 1950 akanema otere anali okondedwa kopambana ku migodi ya mkuwa ya dziko lino, ndipo ngwazi ya m'kanema aliyense anthu anali kungoicha Jack. Koma kauboyi weniweni anali mbusa, mnyamata wa nchito wolandira malipiro pa mwezi, ndipo ng'ombe zimene anali kuweta zinali za mwini.

Nkhondo ya paciweniweni ya ku America itatha m'caka ca 1865, ku Texas kunali ng'ombe zosawerengeka za nyanga zazitali. Zambiri zinali kungoyendayenda m'thengo ngati njati, popeza eni ace anali ku nkhondo. Kumeneko ng'ombe imodzi inali kugulidwa madola 4, pamene ku mizinda ya kumpoto, kumene anthu anali ndi nkhuli, ng'ombe yomweyo inali kufika madola 40. Bvuto linali lakuti njanji yopita kumpoto inali isanafike ku Texas. Tsono m'caka ca 1867 munthu wina dzina lace Joseph McCoy anamanga makola akuru pa kamudzi ka Abilene ku Kansas, pamene panali kupita sitima. Caka comweco ng'ombe ngati 35,000 zinafika pamenepo ndi miyendo yao, kudzera njira imene inachedwa Chisholm Trail.

Gulu limodzi linali ndi ng'ombe 2,000 kapena 3,000, abusa 10 kapena 12, kapitao wao, ndi wophika amene anali kuyendetsa ngolo ya kamba. Sanali kuzithamangitsa ai, pakuti ng'ombe yoonda ilibe mtengo. Pa tsiku zinali kuyenda mamailosi 10 kufikira 15 zikudya msipu m'njira, motero ulendo unali kutha miyezi iwiri kapena itatu. Abusa ozolowera anali kukhala kutsogolo ndi m'mbali. Watsopano anali kumuika m'mbuyo kuti akuse zotsimphina ndi zaulesi, ndipo iye ndiye anali kumwa pfumbi lonse la gululo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Cakudya cao cinali nyemba, buledi, nyama ya nkhumba yamcere ndi khofi, kawirikawiri wopanda mkaka, cinkana anali pakati pa ng'ombe zikwi.

Nthawi yoopsa inali usiku. Abusa anali kulonda mosinthana, awiriawiri, kuzungulira ng'ombe zogona akuyimba motsitsa mau kuti zisadzidzimuke. Mwana aliyense amene anawetapo adziwa kuti ng'ombe imodzi ikacita mantha zinzace sizifunsa cifukwa. Mphezi ikang'anima, kapena cirombo cikatswanya m'udzu, gulu lonse linali kudzambatuka nthawi imodzi ndi kuyamba liwiro mumdima. Pamenepo abusa anali kuthamangira kutsogolo kukakhotetsa zotsogolera, kuti gulu lizungulire pamalo amodzi kufikira litatopa. Kavalo akaponda m'una, wokwerapo anali kugwera pansi pa ziboda, ndipo m'mawa anzace anali kumuika m'manda pomwepo, napitiriza ulendo. Ena anamira pooloka mitsinje yodzala monga Red River. Ngozi zotere pamodzi ndi matenda ndizo zinatha abusa ambiri koposa zipolopolo. Mphotho ya zonsezi inali madola 25 kufikira 40 pa mwezi.

Akanema akale anali kuonetsa azungu okhaokha, koma sikunali tero. Luso lokola ng'ombe ndi cingwe munthu ali pa kavalo linacokera kwa abusa a ku Mexico, ndipo abusa ambiri a ku Texas anali anthu akuda amene anangomasuka kumene ku ukapolo. Mmodzi wa iwo anali Bose Ikard, wobadwa kapolo ku Mississippi. Bwana wace, Charles Goodnight, anali kumsungitsa ndalama zace pa ulendo, ndipo Ikard atamwalira mu 1929, Goodnight anamuikira mwala wa cikumbutso pa manda.

Nanga mfuti? Abusa pofika ku Abilene ndalama za miyezi itatu zili m'thumba, mowa ndi juga zinali kuwadikira, ndipo ndeu sizinali kulephera. Cifukwa cace akuru a mzindawo anaika lamulo loletsa kuyenda ndi mfuti m'mzinda. Mu 1870 wapolisi wao, Tom Smith, anali kulanda mfuti kwa okana kumvera ndi nkhonya zace cabe. Wolowa m'malo mwace mu 1871 anali Wild Bill Hickok, katswiri wa mfuti womveka dziko lonse. Usiku wina wa mwezi wa October anaombana ndi wajuga wina, Phil Coe, namlasa. Nthawi yomweyo anaona munthu akuthamangira kwa iye mumdima, naombanso osayang'anitsitsa. Koma amene anagwa anali Mike Williams, bwenzi lace, amene anadza kudzamthandiza. Caka cisanathe Hickok anacotsedwa nchito, ndipo mu 1876 anaphedwa ku Deadwood, wina atamuombera kumbuyo alikusewera makadi.

Maulendo a ng'ombewa anatha zaka ngati 20 zokha. Kuyambira 1874 alimi anapeza waya waminga wa Joseph Glidden, nayamba kuchinga minda yao, ndipo njira zinatsekeka. Ng'ombe za ku Texas zinalinso kusiya matenda amene anali kupha ng'ombe za ku Kansas, kotero kuti mu 1885 boma la Kansas linaziletsa kulowa. Zakuti matendawo anali kufala ndi nkhupakupa zinatsimikizika mu 1893. Njanji nayo inali itafika ku Texas, ndipo ng'ombe zinayamba kukwera sitima kwao komweko. Abusa amene anatsala pa nchito anali kuyendera mipanda kukonza waya woduka, ndi kumweta udzu wosungira ng'ombe m'nyengo yacisanu.