Sola ya pulasitiki ndi mbaula yopanga magetsi: kodi zidzafika liti ku Mphamba?

LUNDAZI – Cilala ca m'caka ca 2024 cinaonetsa poyela kuti magetsi odalila mvula amatha pamodzi ndi mvulayo. Pa 29 February caka cimeneco, Mtsogoleli wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Miyezi ingapo pambuyo pake, madzi atacepelatu m'nyanja ya Kariba, malaiti anali kuzima kwa maola ofika 21 pa tsiku m'madela ena.

Kucokela nthawi imeneyo maso a anthu ambili ali pa dzuwa. Koma kwa anthu a m'dela la Mfumu Mphamba ndi madela ena a m'boma la Lundazi, kumene midzi yambili ilibe mawaya a ZESCO, nkhani ya sola si yacilendo. Funso lawo ndi lakuti: kodi sola yochipa, yopepuka komanso yolimba idzapezeka liti? Yankho la funsoli lili m'manja mwa akatswili amene amafufuza zinthu zopangila zipangizo za magetsi, ndipo kafukufuku wawo ali m'magulu atatu.

Zimene Lundazi anaphunzila kale

Boma la Lundazi lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, ndipo kwa zaka zambili tauni yake inali kulandila magetsi ocokela ku Malawi. Kumayambililo kwa zaka za m'ma 2000, boma la Zambia, mothandizidwa ndi bungwe la Sida la ku Sweden, linayesa njila yatsopano yofikitsila magetsi kumidzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa. Panakhazikitsidwa makampani atatu ang'onoang'ono ku Nyimba, ku Chipata ndi ku Lundazi.

Kampani ya ku Lundazi, yochedwa Lundazi Energy Service Company kapena kuti LESCO, inali kuyang'anila masola 150 oikidwa pa nyumba za anthu. Mwini nyumba sanali kugula sola. Iye anali kulipila ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo kampaniyo ndiyo inali kukonza zikaonongeka. Panelo iliyonse inali ya mawati 50, okwanila mababu angapo, wailesi ndi kanema waung'ono.

Wofufuza wa ku Sweden, a Mathias Gustavsson, analondola mmene masolawo anali kugwilila nchito. Zotsatila zimene zinafalitsidwa mu 2005 zinaonetsa kuti patangopita caka cimodzi, mphamvu ya mabatile inali itatsika kwambili poyelekeza ndi mabatile atsopano a mtundu womwewo. Mu 2007 iwo anafalitsanso zina zoonetsa kuti m'kupita kwa nthawi mabanja anali kuonjezela zipangizo pa sola imodzimodziyo.

Phunzilo lake linali lomveka. Banja likalawa magetsi limafuna oculukilapo, ndipo cimene cimayamba kufooka si panelo ayi koma batile. Cipangizo ciliconse catsopano ciyenela kuyesedwa ndi muyeso umenewu.

Cifukwa cake silicon siikwanila

Mapanelo ambili amene timaona pa matenga a malata ndi opangidwa ndi silicon, cinthu cocokela ku mwala wa quartz ndi mcenga. Selo loyamba la silicon lothandiza linapangidwa ku Bell Laboratories m'dziko la America mu 1954, ndipo linali kusandutsa magawo 6 pa magawo 100 alionse a kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Mapanelo abwino a masiku ano amapitilila magawo 20, ndipo opanga ambili amapeleka citsimikizo ca zaka 25.

Komabe silicon ili ndi zovuta zake. Kuti iyeletsedwe pamafunika ng'anjo zotentha koopsa, pakuti imasungunuka pa madigili 1,414. Selo lake ndi losacedwa kusweka, conco limaikidwa kumbuyo kwa galasi ndi kumangidwa ndi felemu ya aluminiyamu. Zimenezi zimacititsa panelo kukhala yolemela, yovuta kunyamula pa njinga m'misewu ya mabampu, ndiponso yosayenela denga la udzu. Cinanso, panelo ya silicon ikatenthedwa kwambili, monga m'mwezi wa October, mphamvu yake imatsika.

Gulu loyamba: mapanelo opyapyala

Njila yoyamba yocepetsela zovutazi ndiyo imene akatswili amacha thin film. M'malo moceka silicon m'mabande, opanga amapaka kagawo kopyapyala ka cinthu cokoka kuwala pa galasi, pa citsulo kapena pa pulasitiki, monga mmene mmisili amapakila utoto pa khoma. Selo la silicon limakhala locindikala pafupifupi mamilimita 0.15, pamene kagawo ka cadmium telluride ndi kopyapyala kuposa pamenepo kuwilikiza pafupifupi 50.

Luso limeneli lili kale m'dziko muno. Malo opangila magetsi a dzuwa a Bangweulu, amene ali ku Lusaka South Multi-Facility Economic Zone, anatsegulidwa mu 2019 ndipo ndi a mamegawati 54. Anamangidwa ndi kampani ya Neoen ya ku France pamodzi ndi First Solar ya ku America, imene mapanelo ake ndi a cadmium telluride. Ubwino wina wa mapanelo otele ndi wakuti sataya mphamvu yambili pa nthawi yotentha.

Kuipa kwake ndi kwakuti cadmium ndi poizoni, ndipo tellurium ndi wosowa kwambili pa dziko lapansi. Ndiye cifukwa cake ofufuza akuyesa zinthu zina. Mtundu wochedwa CIGS uli ndi mkuwa, indium, gallium ndi selenium. Wina wochedwa CZTS uli ndi mkuwa, zinki, tini ndi sufule, zinthu zopezeka mosavuta, ngakhale kuti mphamvu yake ikali yocepa poyelekeza ndi ya silicon. M'mitundu yonse iwiliyi, dzina loyamba pa mndandanda ndi mkuwa, cuma cacikulu ca dziko la Zambia.

Gulu laciwili: sola ya pulasitiki

Aliyense adziwa kuti pulasitiki siipititsa magetsi, ndipo ndiye cifukwa cake imakutila mawaya. Koma mu 1977 asayansi atatu, a Alan Heeger, a Alan MacDiarmid ndi a Hideki Shirakawa, anaonetsa kuti pulasitiki ina ingasinthidwe kuti izipititsa magetsi. Nchito imeneyi inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2000. Mu 1986 a Ching Tang, a ku kampani ya Kodak, analengeza za selo la dzuwa la magawo awili opangidwa ndi zinthu zokhala ndi kaboni, limene linali kusandutsa pafupifupi gawo limodzi pa 100. Maselo a mtundu umenewu ndiwo amachedwa organic.

Kagwilidwe kake ka nchito ndi kotele. Kuwala kukagwa pa pulasitiki yoteleyi, kumadzutsa tinthu ting'onoting'ono ta magetsi tochedwa ma elekitiloni. Koma elekitiloni yodzutsidwayo siicoka msanga pamalo pake, ndipo ikasiyidwa imabwelela mwakale, mphamvuyo n'kutayika. Conco pamafunika zinthu ziwili: cina copeleka elekitiloni, cina coilandila. Malile a zinthu ziwilizo ayenela kukhala pafupi kwambili ndi pamene elekitiloni yadzukila.

Mu 1995 magulu a ofufuza ku Santa Barbara m'dziko la America ndi ku Cambridge m'dziko la Britain anaonetsa kuti njila yabwino ndiyo kusakaniza zinthu ziwilizo, monga mmene mayi amasakanizila ufa wa cimanga ndi wa cinangwa kuti paliponse pamene wagwila pakhale mitundu yonse iwili. Msakanizowo umapakidwa mopyapyala kwambili, moti magawo 1,000 otele ataunjikidwa pamodzi angafanane ndi pepala limodzi la m'buku. Mu 2019 gulu la a Yingping Zou ku Central South University m'dziko la China linapanga colandila catsopano cochedwa Y6, cimene cinakweza mphamvu ya maselowa kupitilila magawo 15. Pofika mu 2024, maselo ang'onoang'ono a m'nyumba zofufuzila anali atafika pa magawo pafupifupi 20.

Cimene cimakopa ofufuza ndi cakuti zinthuzi zimasungunuka ngati inki, ndipo zingasindikizidwe pa mpukutu wa pulasitiki popanda ng'anjo yotentha. Sola yotele ingapindidwe ngati mphasa, inganyamulidwe m'cola, ndipo siilemetsa denga. Imagwilanso bwino nchito pa kuwala kocepa. Kampani ya Heliatek ya ku Dresden m'dziko la Germany imapanga kale masola omata pa makoma ndi pa matenga.

Vuto lalikulu ndi kulimba. Mpweya, cinyezi ndi ceza ca dzuwa lomwelo zimaononga pulasitikiyo pang'onopang'ono, ndipo aliyense amene anaonapo mmene beseni yosiyidwa panja imayelela ndi kung'aluka angamvetse vutoli. Komanso mphamvu imene imapezeka pa selo laling'ono ngati cikhadabo imatsika selolo likakulitsidwa. Kuonjezela apo, mtengo wa mapanelo a silicon unatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020, moti mpikisano unakula. Kampani ya Konarka ya ku America, imene inali patsogolo pa sola ya pulasitiki, inagwa mu 2012.

Gulu lacitatu: magetsi ocokela ku moto

Sola ya mtundu uliwonse imagona dzuwa likalowa, pamene m'mudzi nthawi imeneyo ndiyo moto umasonkhedwa. Apa ndi pamene gulu lacitatu, lochedwa thermoelectric, limabwelela. Mu 1821 a Thomas Seebeck a ku Germany anapeza kuti zitsulo ziwili zosiyana zikalumikizidwa, mfundo imodzi n'kutenthedwa ina n'kukhala yozizila, pamabadwa mphamvu ya magetsi. Cipangizo cotele cilibe mbali yoyenda kapena yozungulila, conco sicitha msanga. Zombo za m'mlengalenga za Voyager, zimene zinaponyedwa mu 1977, zimapeza magetsi mwa njila imeneyi.

Luso limeneli linayesedwa kale pafupi ndi kwathu. M'zaka za m'ma 2010, akatswili a ku Trinity College Dublin m'dziko la Ireland, mogwilizana ndi bungwe la Concern Universal, anamangilila kacipangizo kotele pa mbaula yadothi yochedwa Chitetezo Mbaula, ndipo anakayesa m'midzi ya m'boma la Balaka ku Malawi. Mbali imodzi ya kacipangizoko inali kulandila kutentha kwa moto, ina inali kuziziletsedwa. Magetsi ake anali a mawati ocepa cabe, koma okwanila kuchaja foni ndi nyale pamene nsima ili pamoto.

Cimene cimavutitsa ofufuza ndi kupeza cinthu cimene cimapititsa magetsi mosavuta koma n'kumachinga kutentha. Zitsulo zambili zimapititsa zonse ziwili, monga mmene supuni yosiyidwa mumphika imatenthela mpaka kucigwililo. Cinthu cimene cimagwilitsidwa nchito kwambili ndi bismuth telluride, koma cimangosandutsa magawo ocepela 10 pa 100 a kutentha, ndiponso cimafuna tellurium wosowa uja. Ofufuza a ku Michigan State University m'dziko la America anaonetsa kuti mwala wacilengedwe wochedwa tetrahedrite, umene uli ndi mkuwa, antimony ndi sufule, ungagwile nchito imeneyi. Apanso mkuwa ndiwo uli patsogolo.

Mbali ya dziko la Zambia

Kafukufuku wa zinthu zimenezi sacitikila kunja kokha. Pa University of Zambia, akatswili a m'zigawo za physics ndi chemistry akhala akufufuza za mphamvu ya dzuwa ndi za pulasitiki yopititsa magetsi. Sukuluyi ili m'gulu la MSSEESA, limene limagwilizanitsa mayunivesite a kum'mawa ndi kum'mwela kwa Africa pa kafukufuku wa zipangizo za sola, mothandizidwa ndi International Science Programme ya ku Uppsala m'dziko la Sweden.

Phindu loyamba la nchito yotele si fakitale ayi, koma anthu ophunzila amene angathe kupima katundu wolowa m'dziko ndi kunena ngati panelo ikupeleka mawati olembedwa pa cikwangwani cake. Phindu laciwili ndi kudziwa mmene cipangizo copangidwila nyengo ya ku Ulaya cimapililila fumbi la mu September, kutentha kwa mu October ndi cinyezi ca mu January. Mayankho a mafunso amenewa sangapezeke ku Dresden. Angapezeke pa denga la sukulu kapena la cipatala caching'ono ku Lundazi, monga mmene zinalili ndi mabatile a LESCO.

Pakali pano mapulojekiti aakulu akupitiliza. Malo a Itimpi ku Kitwe, a mamegawati 60, anatsegulidwa mu 2024, ndipo a ku Chisamba, a mamegawati 100, anatsegulidwa mu 2025. Koma magetsi a malo otele amafika kokha kumene kuli mawaya. Kufikitsa magetsi kumidzi yakutali ndi udindo wa bungwe la Rural Electrification Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2003.

Kodi mlimi wa ku Mphamba acite ciani?

Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlimi amene wagulitsa nshawa, soya kapena thonje ndipo afuna kuunikila nyumba yake asayembekeze sola ya pulasitiki, pakuti siinafike m'masitolo a ku Lundazi kapena ku Chipata, ndipo pa mtengo ndi pa kulimba silicon ikali patsogolo. Cofunika ndi kugula kwa wogulitsa wopeleka citsimikizo colembedwa, kufunsa za mtundu wa batile ndi zaka zimene imakhala, kupukuta fumbi pa panelo kawilikawili, ndi kusalumikiza zipangizo zoculuka kuposa mphamvu ya solayo.

Zipangizo zatsopanozi zikadzafika, ziyenela kufunsidwa mafunso atatu omwewo amene masola 150 a ku Lundazi anasiya: kodi cikhala zaka zingati, kodi cikaonongeka adzakonza ndani, ndipo kodi banja la kumudzi lingakwanitse kulipila?